Disiki yadzaza: ndigule SSD, yakaleyo ikhale ya backup?

Funso: Kompyuta yanga ya pa desiki ndakhala nayo zaka 6. Ili ndi hard disk ya 500GB yomwe yatsala ndi malo a 20GB okha, ndipo ndikaiyatsa pamapita mphindi zingapo ndisanayambe ntchito. Muli zithunzi za banja, zikalata za ntchito ndi mavidiyo, ndipo sindinazikoperepo kwina kulikonse. Ndikuganiza zogula SSD ya 1TB, ndisamutsirepo Windows, kenako disiki yakaleyo ndiisiye mkati momwemo kuti ikhale ya backup. Kodi ndaganiza bwino? Nanga ndiyambire pati?

Yankho: Zogula SSD, disiki yopanda zozungulira mkati imene imathamanga kuposa hard disk, mwaganiza bwino, ndipo pa kompyuta ya zaka zimenezo palibe chinthu china chimene mungasinthe n'kuona kusiyana kwakukulu chotero. Koma pali ziwiri zoti mukonze. Choyamba, musayambe ndi SSD. Yambani ndi kukopera mafayilo anu pa disiki yakunja, bokosi la kompyuta lisanatsegulidwe n'komwe. Chachiwiri, disiki yakale yokhala m'bokosi limodzi ndi yatsopano si backup, kutanthauza kope lotetezeka lobwezeretsera mafayilo akatayika. Chifukwa chake ndichifotokoza kumapeto, tikamaliza za kusamutsa.

Kusamutsa Windows kumatanthauza kuwerenga disiki yonse mosapumira, kwa ola limodzi kapena kuposa. Disiki imene yakhala ikuzungulira zaka 6 ikhoza kukhala ndi malo ofooka amene pa ntchito ya tsiku ndi tsiku simuwafika, ndipo amadzaonekera pa ntchito yolemera ngati imeneyi. Onjezani kulakwitsa kwa munthu: pulogalamu yosamutsira imakufunsani kuti ikopere kuchokera pa disiki iti kupita pa iti, ndipo mukasokoneza ziwirizi, imalemba disiki yopanda kanthu pamwamba pa zithunzi zanu. Kope lanu ndi limodzi lokha panopa, choncho tsiku losintha disiki ndi limene mafayilo anu adzakhale pa ngozi yaikulu.

Muyambe mwaona thanzi la disikiyo. Pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imadzilembera yokha za mmene ilili, zotchedwa SMART. Ikalemba Good, pitirizani. Ikalemba Caution mwachikasu, yang'anani mizere itatu iyi: 05 Reallocated Sectors Count, C5 Current Pending Sector Count ndi C6 Uncorrectable Sector Count. Mzere wa 05 ukuwerenga malo amene anawonongeka ndipo disiki inawalambalala. C5 ndi woopsa kwambiri chifukwa ndi malo amene disiki ikulephera kuwawerenga panopa. Manambala a mizere imeneyi pansi pa Raw Values akakhala kuti si ziro, kapena mukamamva disiki ikuti kwe kwe kwe mobwerezabwereza, iwalani zosamutsa Windows yakale. Musayendetsenso chkdsk /r poganiza kuti mukuikonza, chifukwa lamulo limeneli limaiwerengetsa yonse, n'kuimaliza mphamvu zochepa zimene yatsala nazo. Koperani zofunika kwambiri poyamba, zikalata ndi zithunzi, mavidiyo pomaliza. Dziwaninso kuti Good si lonjezo. Madisiki ena amafa SMART isananene kanthu.

Gulani hard disk yakunja ya 2TB yolumikiza pa USB. Ya 1TB ingakwane lero, koma backup yabwino imasunga fayilo imodzi mmene inalili pa masiku osiyanasiyana, ndiye imafuna malo oposa a disiki imene ikuitetezayo. Ilumikizeni pa USB 3, khomo limene nthawi zambiri limakhala la buluu mkati, makamaka la kumbuyo kwa bokosi. Pa USB 2 liwiro silipitirira pafupifupi 35MB pa sekondi, ndipo 400GB ingakutengereni maola atatu ndi kuposa. Pa USB 3 ndi pafupifupi ola limodzi ngati mafayilo ndi akuluakulu, ndipo timafayilo tambirimbiri timachedwetsa. Kasanjidwe ka mafayilo pa disikiyo kakhale ka NTFS ngati muziigwiritsa pa Windows pokha, kapena exFAT ngati izipitanso pa Mac. FAT32 imakana fayilo yopitirira 4GB, ndiye vidiyo yaitali idzakanika ngakhale malo alipo ambiri.

Zokopera zili mu C:\Users, mu foda ya dzina lanu: Documents, Pictures, Videos, Desktop ndi Downloads. Anthu amaiwala ziwiri zomalizazi, koma ndi mmene mumakhala ntchito ya sabata ino. Mulinso foda yobisika ya AppData, imene simuiona mpaka mutalola Hidden items mu File Explorer. M'menemo ndi mmene Thunderbird imasunga makalata ndi mmene browser imasunga ma bookmark. Ngati mumagwiritsa Outlook, fufuzani mafayilo othera ndi .pst. Pulogalamu yowerengetsera ndalama kapena yosunga kaundula nthawi zambiri imabisa fayilo yake kwina, monga mu ProgramData, choncho lowani mu pulogalamuyo mupange backup kuchokera mkati mwake. Ndipo ngati OneDrive ili yoyatsidwa, mafayilo okhala ndi kachizindikiro ka mtambo sali pa disiki yanu, ali pa intaneti pokha. Sankhani Always keep on this device, mudikire atsike, kenako mukopere.

Mukamaliza, musangokhulupirira kuti zatheka. Dinani Properties pa foda yoyamba ndi pa kope lake, mufananize chiwerengero cha mafayilo ndi mzere wa Size, osati Size on disk umene umasiyana pakati pa madisiki. Tsegulani zithunzi zingapo zakale, chikalata chimodzi, vidiyo imodzi. Kenako zulani disikiyo muiike patali ndi tebulo limene mugwirirepo ntchito. Chinanso, onani ngati disiki ya C ili yokiyidwa ndi BitLocker. Ngati ndi choncho, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, imene kawirikawiri imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda kiyi imeneyi, kusintha pang'ono mu BIOS, pulogalamu ya m'kompyuta imene imayamba Windows isanayambe, kukhoza kukutsekerani kunja kwa mafayilo anu omwe.

Tsopano za SSD yoti mugule. Pali mitundu iwiri imene ingakukhudzeni. Ya SATA ya mainchi 2.5 imalumikizidwa ndi zingwe zofanana ndi za hard disk yanu, ndipo imafika pafupifupi 550MB pa sekondi. Ya NVMe ndi kakhadi kowonda kolowa mwachindunji pa motherboard, bolodi lalikulu la m'bokosi la kompyuta, pa malo otchedwa M.2, pa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500MB pa sekondi, pa PCIe 4.0 cha m'ma 7,000MB. Manambalawa asakukopeni kwambiri. Chimene chikuchedwetsa kompyuta yanu si kukopera mafayilo akuluakulu ayi, koma kufufuza timafayilo ting'onoting'ono masauzande ambiri pamene Windows ikuyamba. Hard disk ili ndi mkono umene umayenera kusuntha n'kudikira mbale izungulire, mamilisekondi 10 kapena kuposa nthawi iliyonse. SSD ya mtundu uliwonse ilibe chosuntha, imayankha pasanathe milisekondi imodzi. Kuchoka pa hard disk kupita pa SSD ya SATA kuli ngati kugula kompyuta ina. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe, polemba zikalata ndi poyenda pa intaneti, mwina simudzazindikira n'komwe. Ngati motherboard ili ndi M.2 yolandira NVMe, gulani NVMe chifukwa sifuna zingwe. Ngati ilibe, ya SATA ikukwanirani.

Kuti mudziwe, lembani msinfo32 mu Start, muone dzina pa BaseBoard Product kapena System Model, ndipo mufufuze buku lake pa tsamba la kampani imene inaipanga. Paja safunsa anadya phula: M.2 ndi dzina la maonekedwe chabe, si liwiro. Pali malo a M.2 olandira SATA yokha, ena NVMe yokha, ena zonse, ndipo kakhadi kakhoza kulowa bwinobwino koma kompyuta osakaona. Pa ma motherboard ena, mukaika kakhadi mu M.2, khomo limodzi kapena awiri a SATA amasiya kugwira ntchito, ndipo munthu amadabwa kuti disiki yakale yasowa. Bukulo limanena makomo ake. Msinkhu wofala ndi 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Mukasankha ya SATA, suzumirani m'bokosi muone ngati pali chingwe cha magetsi chotsala, chamutu waukulu wa mapini 15, chifukwa mabokosi ang'onoang'ono a mu ofesi amakhala ndi zochepa. Chingwe cha deta, cha mapini 7, nthawi zambiri sichibwera ndi SSD, gulani chapadera.

Kukula kwa 1TB n'koyenera. Windows idzaionetsa ngati 931GB, ndipo palibe amene wakuberani: opanga amawerenga ndi 1,000, Windows imawerenga ndi 1,024. Disiki yanu ya 500GB nayonso imaoneka 465GB, ndiye mwadzaza pafupifupi 445GB, theka la yatsopanoyo. SSD imachedwa ikadzaza kwambiri, choncho muzisiya mwina 15 mpaka 20 peresenti yopanda kanthu. Za kutha kwake musade nkhawa. SSD ya 1TB ngati Samsung 870 EVO imalonjezedwa kupirira 600TB yolembedwa. Mutamalemba 30GB tsiku lililonse, pa chaka ndi pafupifupi 11TB. Chimene muyenera kuopa ndi ma SSD achinyengo, amene amadzitcha 1TB pamene mkati muli malo ochepa, ndipo akadzaza amalemba pamwamba pa zakale mwakachetechete. Ngati dzina lake simukulidziwa, iyeseni ndi H2testw musanaikepo kanthu.

Kuilumikiza sikuvuta. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Mitu ya zingwe za SATA ili ngati chilembo L, imalowa njira imodzi yokha, ndiye ikakana musakakamize chifukwa pulasitiki yake imathyoka msanga. Kakhadi ka M.2 kamalowa chopendekeka, kenako mumakatsitsa n'kukamanga ndi kasikuluwu kamodzi, kamene kamabwera ndi motherboard osati ndi SSD. Ngati pali chitsulo choziziritsira pamwamba, chotsani kapulasitiki komata kunsi kwake. Mukayatsa n'kupeza kuti disiki yatsopano sikuoneka mu File Explorer, siinawonongeke: disiki yatsopano imayamba kuoneka mu Disk Management, ndipo ngati mukusamutsa Windows simufunika kuikonza chilichonse.

Apa muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kupanga clone, kutanthauza kukopera disiki yonse mmene ilili, ndi mapulogalamu ake onse. Kapena kuika Windows yatsopano. Clone ndi yabwino ngati SMART yati Good, Windows ikuyenda bwino kupatula kuchedwako, ndipo muli ndi mapulogalamu ovuta kuwaikanso. Makampani ambiri a SSD amapereka pulogalamu yake yaulere, ndipo palinso Clonezilla ndi Rescuezilla zoyendera pa fulashi. Imitsani BitLocker musanayambe. Werengani kawiri dzina ndi kukula kwa source (disiki yokopera kuchokera) ndi destination (disiki yokopera kupita). Koperani disiki yonse, osati C yokha, chifukwa pali tizigawo ting'onoting'ono tobisika timene kompyuta imayambirapo. Sankhaninso kuti C ikulitsidwe kudzaza disiki yatsopano. Mukaiwala, mudzapeza theka la SSD likungokhala, ndipo Extend Volume idzakana ngati kagawo ka Recovery kali pakati pa C ndi malo opanda kanthuwo.

Clone ikatha, zimitsani, zulani chingwe cha disiki yakale, ndipo muyatse ndi SSD yokha. Ambiri amadumpha apa. Madisiki onse awiri akakhala olumikizidwa, kompyuta ikhoza kuyambirabe pa yakale inu n'kumaganiza kuti muli pa yatsopano, kapena Windows n'kutseka imodzi chifukwa ziwirizo zili ndi chizindikiro chofanana. Mukaona skirini ya buluu yolemba INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, nthawi zambiri vuto ndi loti SATA mode mu BIOS yasintha pakati pa AHCI ndi RAID, kapena Windows yochokera pa SATA sinayatse driver ya NVMe. Bwezerani mode mmene inalili, kapena yatsani kamodzi mu Safe Mode kenako muyatsenso mwa nthawi zonse. Zikayenda, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe fsutil behavior query DisableDeleteNotify. Yankho likakhala 0, TRIM, njira imene Windows imauzira SSD malo amene sakufunikanso, ikugwira ntchito. SSD sifuna defrag. Isiyireni Optimize Drives ya Windows, imadziwa chochita.

Windows yatsopano ndi imene ndingakusankhireni ngati disiki yakale ili ndi C5, kapena ngati kompyuta yadzaza ndi mapulogalamu amene simukumbukanso amene anawaika. Mufunika fulashi ya 8GB ndi Media Creation Tool ya Microsoft. Disiki yakale ikhale yozulidwa poika, apo ayi Windows ikhoza kusiya mafayilo oyambira pa yakaleyo, ndipo tsiku limene mudzaichotse kompyuta sidzayaka. Laisensi siitayika, chifukwa imamangika ku motherboard osati ku disiki. Ngati mudakali pa Windows 10, kumbukirani kuti Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna UEFI (mtundu watsopano wa BIOS) ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), ndipo UEFI imayendera disiki yogawidwa mwa njira ya GPT, osati njira yakale ya MBR imene sidutsa 2TB. Clone imatengera mtundu wa disiki yakale, ndiye ngati inali MBR mudzafunika lamulo la mbr2gpt pambuyo pake. Poika Windows yatsopano mu UEFI, GPT imadzipanga yokha.

Disiki yakale musaifufute tsiku lomwelo. Iikeni m'kabati kwa masabata atatu kapena anayi. Ndi nthawi imeneyi pamene mumazindikira kuti template ina, kapena foda ina imene inali pa C:\ penipeni, sinabwere.

Nanga pambuyo pake ikhale backup? Ayi, ndipo zifukwa ndi izi. Ili pa power supply imodzi ndi SSD, choncho magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira kapena chiphaliwali chikagunda, zonse ziwiri zimapsa limodzi. Wakuba amanyamula bokosi lonse. Ransomware, vayirasi imene imakiya mafayilo n'kumafuna ndalama, imakiya disiki iliyonse imene Windows ikuiona, ya mkati ndi yakunja yolumikizidwa yomwe. Komanso mukupatsa ntchito ya ulonda disiki yokalamba kuposa imene ikulonderedwayo, ndiponso yochepa ndi theka. Ikhoza kugwirabe ntchito ngati SMART yake ili bwino: sunganipo mafilimu ndi zina zimene mungazipezenso, kapena kope lowonjezera lapafupi. Zofanana ndi zimenezi ndi RAID 1, pomwe madisiki awiri amalemba zofanana nthawi imodzi. Imateteza disiki imodzi ikafa, koma mukafufuta fayilo molakwitsa imafufutika pa onse awiri.

SSD imapangitsa backup kukhala yofunika kwambiri kuposa kale. Hard disk nthawi zambiri imadwala kaye, kuchedwa, kulira, n'kukupatsani mpata. SSD ikhoza kugwira bwino usiku, m'mawa BIOS osaionanso. Ndipo chifukwa cha TRIM, fayilo imene mwaichotsa mu Recycle Bin imafufutidwadi pakapita kanthawi kochepa, moti mapulogalamu obwezeretsa mafayilo amene ankathandiza pa hard disk sapeza kanthu.

Lamulo limene anthu a ntchitoyi amatsata ndi la 3-2-1: makope atatu a fayilo iliyonse yofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kunja kwa nyumba. Kwa inu, loyamba ndi SSD. Lachiwiri ndi disiki yakunja ija. Lowani mu Control Panel, muyatse File History n'kusankha disikiyo. Ikakhala yolumikizidwa imakopera zosinthika ola lililonse, ndipo imasunga mmene fayilo inalili dzulo ndi mwezi watha, zimene kukopera pamanja sikuchita. Imaona mafoda anu a mu Users ndi a mu Libraries okha; foda ya kwina muiphatikize mu Library. Koma musaisiye disikiyo yolumikizidwa masiku onse: ilumikizeni kamodzi pa sabata, kapena tsiku lililonse ngati ntchito ndi yochuluka, idikireni imalize, chitani Eject, muizule. Mukamakonda robocopy, lamulo la Windows lokopera mafayilo, samalani ndi /MIR, imene imafufuta pa backup chilichonse chimene kulibe ku gwero. Mukalemba mafoda chosinthanitsa, imafufuta ntchito yanu yatsopano.

Kope lachitatu ndi la pa intaneti, ndipo apa pamafunika kusankha. OneDrive imapereka 5GB yaulere, Google Drive 15GB, malo okwanira zikalata ndi zithunzi zosankhidwa koma osati mavidiyo. Nthawi nayo iwerengeni: 100GB pa intaneti yokweza 5Mbps ndi maola pafupifupi 44 mosalekeza. Dziwaninso kuti ntchito ya mapulogalamuwa ndi kufananiza, ndiye chimene mwafufuta pa kompyuta chimafufutikanso uko, n'kukhala m'bini masiku 30 basi pa akaunti wamba. Mukazindikira patapita miyezi iwiri, chapita. Kwa mavidiyo ndi zithunzi zonse, njira yosavuta ndi disiki yakunja yachiwiri yosungidwa nyumba ina, n'kumasinthanitsa ziwirizo mwezi ndi mwezi. Pa ntchito yokhala m'kabati nthawi yaitali sankhani hard disk, osati fulashi kapena SSD, chifukwa zimenezi zikakhala zaka popanda magetsi zikhoza kuyamba kutaya deta. Disiki yochoka panyumba ikiyeni ndi BitLocker To Go ngati Windows yanu ndi Pro, kapena ndi VeraCrypt, ndipo pasiwedi yake isasungidwe pa kompyuta yomweyo yokha.

Mukamaliza kuika Windows ndi mapulogalamu, pangani system image imodzi, kope la disiki yonse ndi Windows yomwe, ndi Rescuezilla kapena ndi Backup and Restore ya mu Control Panel. SSD ikadzafa, mudzabwerera pa ntchito tsiku lomwelo m'malo moika zonse kuyambira pachiyambi. Ndipo miyezi itatu iliyonse yesani kubweza: sankhani foda imodzi, dinani Restore previous versions, muibwezere pa malo ena ndi kuitsegula. File History imatha kusiya kugwira ntchito osakuuzani bwino, makamaka disiki ikadzaza kapena chilembo chake chikasintha, choncho muziona deti limene yalemba kuti inakopera komaliza.

Tsiku limene mudzafune kupereka disiki yakale kwa wina, Quick Format siikwanira, chifukwa imangofufuta mndandanda wa mafayilo, deta n'kutsala momwemo. Zulani madisiki akunja onse, tsegulani diskpart, chida cha Windows choyendetsera madisiki mu Command Prompt, lembani list disk, muizindikire ndi kukula kwake kwa 465GB, lembani select disk ndi nambala yake, kenako clean all. Lamuloli limalemba ziro pa disiki yonse, silifunsa kawiri, ndipo pa 500GB limatenga ola limodzi kapena awiri osaonetsa pamene lafika, ndiye musatseke zenera lake mpaka litalemba kuti latha.